Tatopa Kulankhula Monong'ona

Ife ndife anthu wamba a mu Lilongwe. Ena timagulitsa tomato ndi kaunjika ku Old Town, ena timalondera ndi kuchapa kumayadi ku Area 10 ndi Area 43. Timagona ku Chinsapo, ku Kawale ndi ku Mtandire.

Tsiku la zionetsero sitigulitsa kanthu. Tomato amaola pabenchi, pomwe ngongole ya banki m'khonde sidikira munthu. Maminibasi amasowa, ndiye timayenda wapansi mpaka kunyumba, mwana ali kumsana akutsokomola utsi wokhetsa misozi. Zonsezi timapirira, poti amene akuyenda ndi chikalata kupita ku Capital Hill amakhala atanyamula mawu athu: mtengo wa chimanga, shuga, mafuta osowa.

Koma taona zimene zimawachitikira. Mu 2019 nyumba ya a Timothy Mtambo inaponyedwa bomba la petulo usiku. Mu Novembala 2024 anyamata obisa nkhope, zikwanje m'manja, anabalalitsa anthu mumzinda muno zionetsero zisanayambe n'komwe. Pa 26 Juni 2025 a Sylvester Namiwa a CDEDI anamenyedwa masanasana, apolisi ndi asilikali akuonerera. Amenewa ndi anthu odziwika, ali ndi maloya, mawailesi amawatchula. Nanga ife?

Wathu akagwidwa m'chipwirikiti, timayendera mapolisi kumufunafuna, tili ndi kontena ya nsima m'manja. Amatiuza kuti bwerani mawa. Amati belo ndi yaulere, koma timabwerako titagulitsa mbuzi kumudzi. Mlandu umangosunthidwa, tsiku lililonse lakukhoti ndi ndalama ina ya minibasi, ndipo abwana kumayadi satidikira, amalemba wina.

Ngakhale foni tsopano tikuiopa. Chibwerere lamulo la 2016 la za pa intaneti, anthu amangidwapo chifukwa cha zimene analemba pa WhatsApp ndi pa Facebook. Uthenga ukafika timawerenga n'kufufuta. Pamaliro pomwe, munthu amayamba wacheuka asanatchule mtengo wa ufa.

Mutikhululukire ngati mawu akulemera, sitinazolowere kulankhula chonchi ndi akuluakulu. Koma takwiya. Gawo 35 ndi gawo 38 la malamulo aakulu a dziko lino amatilola kulankhula ndi kuchita zionetsero mwamtendere, ndipo sanalembedwere chipani chimodzi. Chipani chilichonse chikakhala kunja kwa boma chimalira nafe, chikalowa chimaiwala. Tikufuna atiuze poyera amene anagula zikwanje zija, amene anapereka magalimoto kwa anyamata aja, ndi amene anauza apolisi kuti apinde manja.