CIZUNGULIRE CISASIYITSE AMAI MANKHWALA A KHANSA YA M'MAWERE

Amai ambiri amene analandira cithandizo ca khansa ya m'mawere ku Cancer Diseases Hospital mu Lusaka amabwerera kwao ndi mibulu yoti azimwa tsiku ndi tsiku kwa zaka 5, ena kufikira zaka 10. Mankhwala amenewa, monga tamoxifen, letrozole ndi anastrozole, amatsekereza kapena kucepetsa estrogen, mphamvu ya m'thupi la mkazi imene khansa zina zimakulira.

Ena mwa amaiwa amadandaula za cizungulire. Akatembenuka pa mphasa usiku, kapena akawerama kuti asonkhe moto, nyumba yonse imaoneka ngati irikuzungulira. Pocita mantha, mai amabisa mibulu ija m'cikwama osauza munthu ali yense. Ine ndiona kuti kucita tero ndiko kudziika pa ngozi yoposa cizungulireco.

Kafukufuku wamkuru wofalitsidwa mu 2011 anasonyeza kuti kwa amai amene khansa yao imadalira estrogen, kumwa tamoxifen zaka 5 kumacepetsa imfa za nthendayi ndi gawo limodzi mwa magawo atatu. Kodi citetezo cotere ncotaya cifukwa ca bvuto limene liri ndi cithandizo cace?

Cizungulire nciodzi mwa zobvuta zolembedwa pa kapepala ka m'bokosi la mankhwalawa, koma kawirikawiri gwero lace liri m'khutu. M'kati mwenimweni mwa khutu muli timiyala ting'onoting'ono timene timathandiza munthu kuima osagwa. Timiyalati tikacoka pa malo pace ndi kulowa m'tinjira ta madzi tapafupi, dziko limazungulira mutu ukangosuntha, nthawi zambiri kosakwana mphindi imodzi. Bvutoli limagwira kwambiri amai amene analeka kusamba ndi amene mafupa ao anafooka. Popeza letrozole ndi anastrozole amafooketsa mafupa, nkoyenera kuganizira za khutu pamene mai womwa mankhwalawa ayamba kumva cizungulire.

Cokondweretsa ndi cakuti cizungulire ca mtundu uwu cimacizika. Dokotala wa ku America, John Epley, anafalitsa mu 1992 njira yogoneka wodwala ndi kutembenuza mutu wace pang'onopang'ono kufikira timiyala tija tibwerere m'malo mwace. Nchito imeneyi imatenga mphindi zowerengeka, siifuna jekeseni kapena mpeni.

Komabe pali cizungulire cina cosayenera kucedwa naco. Cikadza pamodzi ndi mutu wowawa kwambiri, kulemera kwa lilime, kuona zinthu ziwiriziwiri, kapena kufooka kwa dzanja ndi mwendo mbali imodzi, wodwalayo apite ku cipatala tsiku lomwelo, pakuti tamoxifen nthawi zina amaundanitsa magazi, ndiponso khansa ikhoza kufalikira ku bongo.

Cotero ndipempha anchito a za umoyo kuti asamangouza mai kuti "mudzazolowera." Amfunse bwino, ampime khutu ndi kuthamanga kwa magazi, ndipo ngati kuli kofunika dokotala amsinthire mankhwala. Nanunso azibambo ndi ana, perekezani amai ku cipatala, ndipo musawalole kukatunga madzi ku citsime okha pamene mutu ulikuwazungulira.

Amai, pitirizani kumwa mibulu yanu, koma nenani zimene mulikumva. Akuluakulu anati safunsa anadya phula.