*Power supply si yogulira chenji, anyamata*

Anzanga a kunyanja, kuyambira ku Makawa, Monkey Bay, Senga Bay mpaka Nkhotakota, lero ndikuyankhula ndi inu amene mukumanga kompyuta nokha, kaya ya ma game, ya ma beat, kaya yokonzera mavidiyo a maukwati. Mumasunga ndalama miyezi yambiri, mukagula processor yabwino, graphics card yabwino, kenako chenji yotsalayo ndiye ya power supply. Ine ndikuti ayi. Ndalama ya power supply iyambe kupatulidwa. Walira mvula walira matope, amwene: wafuna khadi lamphamvu, wafunanso cholidyetsa.

Kabokosi kameneka kamalandira 230V ya pakhoma n'kuisandutsa 12V, 5V ndi 3.3V zimene zida zam'kati zimadya. RAM ikafa, yafa yokha. Koma power supply yachabechabe ikamafa imatha kutenga motherboard, hard drive ndi ntchito za makasitomala anu zomwe.

Choyamba, musakopeke ndi nambala yaikulu ya pa katoni. Boti amalembapo kuti limanyamula anthu 20, koma mumalidziwa bwino tsiku la mwera. Tembenuzani kabokosiko, werengani sitika ya m'mbali, pezani mzere wa +12V, chifukwa processor ndi graphics card zimadya pamenepo. Chulukitsani ma volts ndi ma amps. Ngati alemba 500W koma pa 12V pali 18A, ndiye kuti 12 x 18 = 216W basi. Yabwino ya 550W imapereka pafupifupi 45A pa mzere umenewo.

Nanga mukufunika ma watts angati? Ryzen 5 5600 ndi ya 65W, RTX 3060 ndi ya 170W. Mukaonjezera motherboard, RAM, SSD ndi ma fan simufika 350W. Eni ake a Nvidia amati khadi limeneli lipatsidwe 550W, kuti patsale malo opumira. Ndiye 1000W ya dzina losadziwika ndi ya chani? Bola 550W yeniyeni. Ngati mulibe graphics card n'komwe, 400W yabwino ikukwanirani.

Chachiwiri, chitetezo. Funani zilembo izi: OVP, OCP, OPP, SCP, OTP. Tanthauzo lake n'loti magetsi akakwera, katundu akachuluka, mawaya akagundana kapena ikatentha kwambiri, imadzizimitsa yokha zida zisanapse. Funaninso yolembedwa 100-240V. Imeneyo imapirira magetsi akafooka madzulo. Zakale zina za kaunjika zili ndi kaswichi kofiira kumbuyo, ka 115 ndi 230. Kakakhala pa 115 inu n'kulumikiza pakhoma la kuno, mumva phuu! ndi fungo.

Za 80 Plus: chizindikirochi chimanena kuti pa magetsi olowa, osachepera 80 pa 100 amafika ku zida, otsalawo amasanduka kutentha. Bronze ikukwanira, Gold ndi bwino mukakwanitsa. Kuno October akafika kutentha kulikonse kochepetsedwa n'kothandiza. Koma sitika aliyense atha kusindikiza, ndiye lembani model yake pa intaneti muone ngati ilikodi. Seasonic, Corsair, Cooler Master ali ndi zina za warranty ya zaka 5 mpaka 10. Funsani wogulitsa kuti iye akupatsani miyezi ingati, alembe pa lisiti. Safunsa anadya phula.

Ndikudziwa wina akuti, "Aise, yanga yotchipa yatha zaka zitatu ikugwira." Zoona, zimatheka, makamaka pa kompyuta yongolembera ndi kuonera mafilimu. Koma tsiku lomwe mudzaikemo graphics card ndi lomwe idzasenze katundu koyamba, ma capacitor ake atakalamba kale. Kusiyana kwa mtengo n'kochepa poyerekeza ndi khadi limene mukuliika pachiswe.

Zina zachidule:
• Kompyuta zambiri za mu ofesi za Dell ndi HP zili ndi mapulagi awoawo. Yomanga nokha imafuna 24-pin, 8-pin ya processor ndi 6+2 ya khadi.
• Mawaya ochotseka a power supply ina musawaike pa ina, ngakhale akulowa. Kalumikizidwe kam'kati kamasiyana.
• Musaitsegule. Ma capacitor amasunga magetsi ngakhale mwazula pakhoma.
• Power supply si batire. Magetsi akazima imazima nayo, ndiye UPS ndi yofunika payokha. A sola, funani inverter ya pure sine wave.
• Isakhale pansi. Fan yake imakoka fumbi, mchenga ndi nkhungu zija zikatuluka m'nyanja. Muzipuputa mwezi ndi mwezi.

Ndalama zikapelewera, gulani power supply yabwino kaye, khadi lidikire mwezi wa mawa. Tumizani uthengawu kwa mnzanu amene akupita ku Lilongwe kapena ku Limbe kukagula zida sabata ino, asanalipire.