Mulanje asafulatire nyanja yamchere

Mu June ndi July, mvula yowaza ikamanyowetsa minda ya tiyi ku Lujeri ndi ku Mimosa, anthu amangoti chiperoni chafika. Dzinali ndi la phiri la Chiperone la ku Mozambique, ndipo chinyezi chimene mphepoyi imanyamula chimachokera ku nyanja yamchere ya India. Tiyi wa ku Mulanje, amene anayamba kulimidwa m'zaka za m'ma 1890, amapuma mpweya wa nyanja imene ambiri mwa othyola masamba ake sanaionepo ndi maso.

Nyanjayo ili pafupi. Wochoka pa chipata cha Muloza, kudzera ku Milange ndi ku Mocuba, amafika msanga ku Quelimane kusiyana ndi wopita ku Lilongwe. Msewu wa Milange kukafika ku Mocuba, womwe kale unali wa fumbi ndi matope, anauthira phula ndi thandizo la European Union. Komabe olemba mapulani a chitukuko akamatchula njira za kunyanja, m'kamwa mwawo mumangotuluka Mwanza, Dedza ndi Nayuchi. Muloza amamukumbukira chimanga chikasowa.

Pamenepo ndiye pali nkhani. Chaka cha njala, matumba a chimanga ochokera m'chigawo cha Zambezia amawoloka panjinga za kapalasa, awiri kapena atatu panjinga imodzi, n'kudzaunjikidwa pamsika wa Limbuli, pomwe mavenda amawakweza m'malole opita ku Limbe. Sopo, shuga ndi ziwiya zapulasitiki zimalowera kwinako. Malonda amenewa sanayambitsidwe ndi ofesi iliyonse. Anamera pachibale: Alomwe a tsidya lino ndi a tsidya linalo ndi amodzi, ndipo makolo a ambiri a ku Mulanje anachokera komweko kudzagwira ntchito m'maesiteti. Nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique, yomwe inatha mu 1992, anali abale omwewa amene analandirana.

Vuto ndi lakuti wamalonda wamng'ono ameneyu malamulo samuona. Mozambique sili m'bungwe la COMESA, choncho njira yapafupi yolipirira msonkho imene bungweli linakonzera amalonda ang'onoang'ono, imene imathandiza pa Mchinji, siingafike yokha pa Muloza. Imafuna maboma awiriwa agwirizane paokha ndi kuonetsetsa kuti zikutsatidwa. Mayi wonyamula mabeseni a nsomba zouma akaopa mapepala ndi kuchedwetsedwa, amadzera njira yachidule, kuwoloka mtsinje mwendo m'madzi, ndipo dzinja likafika moyo wake umakhala pachiswe. Boma nalo limaluza msonkho.

Palibe amene ayenera kunamiza anthu kuti doko la Quelimane ndi lofanana ndi la Nacala. Dokoli lili mumtsinje wa Bons Sinais, komwe mchenga umadzadza, ndipo sitima zikuluzikulu sizifikako. Doko lakuya lomwe akhala akulikamba la ku Macuse likadali lonjezo. Amalawi akudziwa kupweteka kwa malonjezo otere: doko la Nsanje, lomwe Bingu wa Mutharika anatsegula mu October 2010, silinalandire sitima zomwe ankayembekeza chifukwa Mozambique sinalole. Kuno kunakonzedwa zonse, koma mwini njira anali asanavomere.

Ndiye pali mphepo. Namondwe wa Freddy anatera kufupi ndi Quelimane pa 11 March 2023, ndipo patangopita masiku ochepa madzi, matope ndi miyala zinali kutsetsereka m'phiri la Mulanje, kukokolola midzi, minda ndi milatho kuno ndi ku Phalombe. Njira imene katundu angadzere ndi yomweyo imene namondwe amadzera. Mlatho uliwonse womangidwa pa Ruo, pa Likhubula kapena pa Lichenya uyenera kuyezedwa ndi madzi a chaka chimenecho, osati a zaka zabwinobwino. Zipolowe zomwe zinatsatira chisankho cha ku Mozambique cha October 2024, pomwe malole anaima m'misewu, zinakumbutsanso kuti kudalira njira imodzi n'kudziika pangozi.

Chimene Mulanje angachite lero n'kukonza zogulitsa. Nandolo wa kuno amakathera ku India, ndipo mu 2021 dzikolo linagwirizana ndi Malawi kuti lizigula matani 50,000 pachaka. Koma mlimi amagulitsa kwa venda wa sikelo yopachika pamtengo, atangokolola, mitengo ili pansi, chifukwa alibe mosungira. Zinanazi zimaolera m'mbali mwa msewu kuyambira pamene fakitale yoika zipatso m'zitini inatsekedwa. Khonsolo ya Mulanje ndi aphungu a bomali akanayamba ndi zimenezi: nyumba zosungiramo mbewu pa Limbuli zoyendetsedwa ndi makopaletivi a alimi, makina osendera nandolo, magetsi odalirika, ndi ofesi pachipata yomwe mayi wa mabeseni angalowemo osanjenjemera. Akanapitanso ku Milange kukakhala pansi ndi akuluakulu a boma la kumeneko. Ulendowo ndi wa makilomita ochepa chabe kuchoka pa Muloza, ndipo anyamata a njinga amaupalasa kangapo patsiku.