MABUKU ALIPO, KOMA ADZATIUZA NDANI?

Munthu wocokera ku Katete kapena ku Petauke akabwera kudzaceza kwa abale ace mu Kanyama, Chawama kapena George, nafuna kugulira mwana buku la Cinyanja, kawirikawiri abwerera cimanjamanja. Pamsika apeza ndiwo, salaula ndi mafoni. M'mbali mwa miseu ya m'tauni apeza anyamata atayala pansi mabuku akale a Cingerezi ndi mapepala a mayeso a zaka zapitazo. Masitolo aakulu a mabuku ali pakati pa tauni ndi m'malo a malonda monga Manda Hill, amene anatsegulidwa mu 1999, ndipo zambiri za m'menemo nza Cingerezi, za mitengo yosakhudzika.

Ambiri amati anthu athu sakonda kuwerenga. Ife tiona kuti bvuto lagona pena. Buku liribe miyendo ndiponso liribe pakamwa. Kuti lifike m'manja mwa munthu pafunika wolisindikiza, wolinyamula ndi wina wonena kuti, "Buku lakutilakuti ndi lokoma, kaliwerengeni." Wacitatuyu ndiye wasowa masiku ano.

Kale njira imeneyi inali yolambulidwa. Mu 1948 boma la atsamunda linakhazikitsa mu Lusaka bungwe la Publications Bureau, lothandiza olemba a m'Northern Rhodesia ndi Nyasaland kusindikiza mabuku m'zinenero zao. Mabuku a ku Nyasaland, monga Nthondo la Samuel Ntara, analowa m'masukulu a kuno popanda cobvuta popeza cinenero ncimodzi. Titalandira ufulu, Kenneth Kaunda Foundation inayamba mu 1966, ndipo pansi pace panali makampani awiri: NECZAM yosindikiza ndi NEDCOZ yogawira mabuku m'masukulu. Motero mwana wa mu Matero ndi mwana wa ku Chadiza anali kuwerenga buku limodzimodzi, ndipo mphunzitsi ndiye anali mlangizi wao.

Wailesi nayo inali kugwira nchito yace. Akuluakulu akumbukira mmene mabanja anali kukhalira cete pozungulira wailesi kumvetsera Julius Chongo m'programu ya Poceza m'Madzulo. Munthu amene anamva mau a Chongo sanafunikire womukakamiza kufunafuna buku lace la Fumbi Khoboo! Khutu linali kutsogolera diso.

Njirayi inayamba kumera udzu pamene mtengo wa mkuwa unagwa mu 1975. Ndalama zakunja zogulira mapepala ndi zitsulo za makina zinasowa, ndipo mabuku ambiri atatha sanasindikizidwenso. Pambuyo pa 1991 malonda a mabuku a sukulu anatsegulidwa kwa makampani onse, ndipo Kenneth Kaunda Foundation inasanduka Zambia Educational Publishing House. Kusinthaku kunabweretsa mpikisano ndi mabuku ooneka bwino, koma wamalonda amatsata kumene kuli ndalama. Ndalama ziri m'mabuku a m'kalasi, osati m'nthano za Cinyanja. Ngakhale mu 2014, pamene masukulu a mu Lusaka anayamba kuphunzitsa ana a Giredi 1 mpaka 4 m'Cinyanja, zimene zinaculuka ndi mabuku ophunzirira. Mwana wodziwa kuwerenga akafika kunyumba analibe coti awerenge.

Taonani citsanzo ici. Mu 2019 Namwali Serpell, wobadwira mu Lusaka, anatulutsa buku lochedwa The Old Drift, m'mene mbali ina ya nkhani icitikira mu Kalingalinga. Bukulo linasindikizidwa kunja ndipo mu 2020 linapata mphotho ya Arthur C. Clarke ku Britain. Anthu a ku London ndi New York analimva m'manyuzipepala ao. Nanga mu Kalingalinga mwenimwenimo ndi angati anauzidwa kuti komboni yao yalowa m'buku?

Lero wacinyamata wa m'komboni amadziwa buku m'njira zitatu. Yoyamba ndi wogulitsa wa m'mbali mwa mseu, amene amangogulitsa cimene capezeka. Yaciwiri ndi chalichi, kumene Baibulo ndi mabuku a nyimbo a Cinyanja apezekabe, cifukwa mipingo sinasiye kulengeza ndi kunyamula mabuku ao. Yacitatu ndi foni: pa Facebook ndi WhatsApp olemba acinyamata amalengeza mabuku amene adzisindikizira okha. Foni yacepetsa mtunda, koma imafuna ndalama za intaneti, ndipo imaonetsa munthu zokhazo zimene anzace akonda. Amene alibe mnzace wowerenga saona kanthu.

Tisanene kuti palibe cacitika. Khonsolo ya Lusaka inakhazikitsa malaibulale mu Matero, Chilenje ndi Mtendere. Bungwe la Lubuto linatsegula laibulale ya ana ku Kamwala mu 2007 ndi ina mu Garden mu 2010, ndipo kumeneko anaika mtima pa kuwerengera ana mokweza ndi kuwasimbira nthano, osati kungoika mabuku pa mashelefu. Iwo anazindikira cimene Chongo anadziwa kale: mwana amatsata buku limene wamva.

Inu awerengi a kumidzi mungafunse kuti za mu Lusaka zikukhudzani bwanji. Ana a m'makomboniwa ndi adzukulu anu. Ndiponso wosindikiza amayesa malonda ace mumzinda waukulu. Buku la Cinyanja likakanika kugulidwa mu Chawama, silidzafika ku Chadiza, ndipo silidzasindikizidwanso.

Tsono pali zimene tingacite osadikira munthu. Mawailesi a kwathu, monga Breeze FM ndi Radio Maria ku Chipata, angapatule mphindi zocepa sabata iriyonse kuwerenga buku ndi kunena kumene lipezeka. Aphunzitsi alembe maina a mabuku pa bolodi kuti makolo awadziwe. Inu amene musunga mabuku akale m'sutikesi, aturutseni muwerengere adzukulu madzulo. Ndipo mukalowa m'sitolo, chulani dzina la buku limene mufuna. Wamalonda akafunsidwa kakhumi adzaitanitsa. Akulu anati safunsa anadya phula.