Kalata Yotseguka kwa Mkulu wa Chipatala Chathu Chachikulu

Bwana Mkulu,

Ndikulemba m'malo mwa odwala nyamakazi yotupitsa mfundo za zala ndi mawondo, ija madokotala amati rheumatoid arthritis. Ena mwa iwo mankhwala a methotrexate anakanika kuwathandiza, ndiye akulandira mankhwala amphamvu monga rituximab ndi adalimumab, ena mochita kugula okha. Achemwali anga ali m'gulu limeneli. Dandaulo lathu mukulidziwa kale, pakuti talinena kwa aliyense wovala zoyera amene anaima kutimvera.

Mankhwalawa amaziziritsa nyamakazi pofooketsa chitetezo cha m'thupi. Chitetezo chikatsika, kachirombo ka hepatitis B kamene kanangogona m'chiwindi kamadzuka n'kuyamba kuswana. Munthu samva kanthu poyamba. Maso akamadzafika pochita chikasu, chiwindi chimakhala chitaonongeka kale, ndipo ena amafa. N'chifukwa chake mu 2013 bungwe la FDA la ku America linaika chenjezo lalikulu pa rituximab, loti wodwala aliyense aziyezedwa hepatitis B asanalandire dripi yoyamba, ndiponso aziunikidwa akulandira mankhwalawo mpaka miyezi yambiri atasiya. Kuno kwathu kafukufuku wa 2018 anapeza kuti pafupifupi akuluakulu 8 mwa 100 alionse ali ndi kachiromboka. Katemera wake anayamba kuperekedwa kwa makanda mu 2002, kutanthauza kuti amayi a zaka 40 ndi 50 amene nyamakaziyi imawagwira kwambiri sanabayidwe ali ana. Nanga bwanji pachipatala chanu munthu amapatsidwa dripi, koma akafunsa za viral load ya hepatitis B amauzidwa kuti zoyezera zinatha, apite ku labotale yolipira?

Bwana, makina alipo. GeneXpert yomwe imayeza TB ndi viral load ya HIV imathanso kuwerenga hepatitis B, bola katiriji yake igulidwe. Mankhwala otchinga kachiromboka aliponso: tenofovir ali m'ma ARV amene dziko lino limagawa tsiku ndi tsiku. Anthu odziwa ntchito alipo, chifukwa pa HIV tinaphunzira kutenga magazi pa nthawi yake, kutumiza, ndi kuitana wodwala zotsatira zikaipa. Chimene chikusowa ndi munthu woti asaine kuti wodwala nyamakazi nayenso ayenera kuyezedwa. Izi zikutiwawa kwambiri. Banja limagulitsa mbuzi ndi chimanga kuti lipeze mankhwala, kenako n'kumagona ndi mantha kuti mankhwala omwewo awononga chiwindi popanda woona.

Ku Vienna akatswiri afika pofufuza ngati kuchuluka kwa Torque Teno virus, kachirombo kopezeka m'magazi a anthu ambiri kamene kanadziwika ku Japan mu 1997, kungasonyeze kuti chitetezo cha wodwala nyamakazi chatsika motani. Ife sitikupempha zimenezo, tikungopempha kuyeza kumene makina athu angathe kale. Nkhaniyi ikufunika changu, pakuti WHO inaika adalimumab pamndandanda wa mankhwala ofunikira mu 2019, ndipo odwala olandira mankhwala otere azingochuluka.

Lamulani kuti asapezeke wodwala woyamba mankhwalawa asanayezedwe hepatitis B ndi TB. Gulani makatiriji. Amene ali kale pamankhwala aitanidwe mwezi uno, ayezedwe, ndipo opezeka ndi kachirombo ayambe tenofovir dripi yotsatira isanafike. Tatopa kutumizidwa khomo ili ndi ilo titatenga anthu amene zala zawo sizitha ngakhale kugwira buku lachipatala.

Ine,
M'bale wa wodwala