Gift card yotchipa ndi ngongole yomwe mwabwereketsa kampani

Mukamasakatula YouTube kapena TikTok usiku bandulo isanathe, simulephera kukumana ndi mayi wa ku America akufotokoza momwe anatengera ana ake ku Disney World osalipira mtengo wonse. Chinsinsi chake ndi gift card, khadi yomwe munthu amagula pasadakhale n'kudzalipirira zinthu pa kampani imodzi yokha. Sitolo ya Target imachotsera 5 peresenti aliyense wolipira ndi khadi ya sitoloyo, ndipo kuchotseraku kumagwiranso pa makhadi a Disney. Nawo a Costco ndi Sam's Club amagulitsa makhadi ena pamtengo wotsika kuposa ndalama yolembedwa pakhadipo. Banja lomwe ulendo wake udya madola 4,000 likhoza kutsala ndi madola 200 m'thumba.

Masamu ake ndi oona, sindikutsutsa. Chomwe chimandivuta ndi dzina lomwe timazipatsa. Timati munthu wapulumutsa ndalama, pomwe chachitika n'chakuti wabwereketsa kampani ndalama zake popanda chikole, ndipo 5 peresenti ija ndi chiwongola dzanja chabe. Funso loyenera kudzifunsa ndi lomwe aliyense wa banki mkhonde amalidziwa: wobwerekayu adzabweza, ndipo adzabweza liti?

Makampani sachotsera mtengo chifukwa cha chifundo. Amadziwa kuti makhadi ena adzasowa, ena adzaiwalika m'kabati, ena adzatsala ndi timadola tiwiri tomwe palibe angativutikire. Ndalama zotsalirazi zili ndi dzina lake m'mabuku awo, breakage, ndipo Starbucks imaziwerengera chaka chilichonse ngati gawo la ndalama zomwe yapeza. Amadziwanso kuti mwini khadi wamangidwa kale miyendo. Akapeza ulendo wina wotchipa mawa, sangasinthe, chifukwa ndalama zake zasanduka za Disney basi. Komanso ndalama ya pakhadi siipweteka poiwononga ngati ya m'manja. Mwana akalirira chidole, kholo limangoti ndi za pakhadi izi.

Ku America kuli lamulo la 2009, CARD Act, loti ndalama ya pa gift card isathe mphamvu zaka zisanu zisanakwane. Koma lamulolo silidzutsa kampani yakufa. Toys R Us itagwa mu 2018, ndiponso Bed Bath & Beyond mu 2023, eni makhadi anapatsidwa masabata ochepa chabe oti awagwiritse ntchito. Wochedwa anatsala ndi pulasitiki.

Mwina mukuti izi ndi za azungu, ife zikutikhudza pati? Ambirife tikangoyamba ntchito, chokhumba choyamba ndi kutengera makolo kunyanja pa Khirisimasi, kaya ku Senga Bay kapena ku Mangochi, ndipo nkhani yolipiriratu imabwera pomwepo. Kunoko pali chinthu china chomwe mayi wa pa YouTube uja sachiganizira: kwacha. Inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Tiyerekeze munagula vocha ya K200,000 pamtengo wa K190,000 mu Okutobala chaka chimenecho. Pofika Disembala mitengo ya zipinda inali itasintha, ndipo K10,000 yanu ija inamezedwa osatafuna.

Apa ndiye pagona nkhani kwa ine. Vocha yolembedwa kuchuluka kwa ndalama imasiya chiopsezo cha kukwera kwa mitengo pamutu panu. Vocha yolembedwa kuti masiku awiri, anthu anayi, ndi chakudya cham'mawa, imasiya chiopsezocho pamutu pa mwini loji. Ziwirizi zimaoneka ngati pepala limodzi, koma m'dziko lomwe mitengo imakwera mwezi ndi mwezi, yachiwiriyo ndi yomwe ndingapereke ndalama zanga, ngakhale asachotsere n'komwe tambala.

Za anyamata ogulitsa makhadi a Amazon kapena Apple pa theka la mtengo m'magulu a WhatsApp sindichedwapo. Khadi ndi manambala chabe, ndipo wokugulitsaniyo amatsala nawo manambalawo.

Mnzanga amene ali kunja akandifunsa, ndimamuuza kuti ayambe wasankha tsiku la ulendo, asungitse malo, adziwe bilu yonse, kenako agule makhadi okwana bilu yomweyo sabata yomwe akulipira. Akatero kampani yasunga ndalama zake masiku atatu okha, osati miyezi isanu ndi umodzi, koma 5 peresenti ija wailandirabe yonse.