Za Bowa Wosaoneka wa m'Munda wa Cimanga

Inu eni mabanja a ku mapiri a Dedza, mudziwa kuti nderema ndi manyame zimera pansi pa mombo ndi msuku, ndipo mukadula mitengoyo bowa aleka kumera. Cifukwa cace ndi ici: bowayo akhala pa mizu ya mtengo, nadyetsana nao. Mjeremani wina, dzina lace Frank, anacha ubale umenewu mycorrhiza m'caka ca 1885.

Cimanga, mapira ndi mawere ziri naye bowa waonso, koma ameneyu saturukira kunja, ndipo simungathe kumuona ndi maso. Ali ngati ulusi woonda koposa wa kangaude. Alowa m'muzu, natambalala m'nthaka kufikira kumene muzu sufika, natengera mbeu madzi ndi cakudya cochedwa fosifolasi, cimene dothi la katondo licigwira kolimba. Mbeu imlipira ndi shuga wa m'masamba ace. Mukaona cimanga cacing'ono ciri kufiirira masamba, kawirikawiri casowa cakudya cimeneci.

Ku maiko ena bowayu agulitsidwa m'mapaketi. Ife titi musafulumire kutaya ndalama zanu, pakuti wogulayo athandiza pena, ndipo pena sathandiza konse. (Sitinena za mankhwala opaka soya, amenewo ndi ena.) Bowa alimo kale m'munda mwanu, ndipo nchito yanu ndiyo kumsunga.

Khasu ndilo limsautsa koposa. Pogalauza nthaka ndi kuphwanya mizere caka ndi caka mudula ulusi wace, ndipo mvula yoyamba ipeza cimanga cilibe womthandiza. Mukaocha mapesi nthaka itsala yamarisece, madzi a pa phiri nakokolola dothi lapamwamba m'mene iye akhala. Kabichi, mpiru ndi repu sizimdyetsa konse. Cotero inu a ku Bembeke, mukazula kabichi, yambani mwabzalapo nyemba musanabwezepo cimanga. Nyemba, soya ndi mtedza zimsunga bwino.

Koma musayese kuti bowa apanga cakudya. Iye angotuta cimene ciripo, ndipo manyowa afunikabe.

Caka cino patulani mizere khumi. Musaiphwanye; yalanipo mapesi, bzalani pa mizere yomweyo pamodzi ndi nyemba, ndi kuzula udzu ndi manja. Citani cotero zaka zitatu, ndipo pokolola werengani madengu ace pa okha, muwalinganize ndi a mizere khumi yoyandikana nayo.